Wolipidwa ndi Nkhosa za Eni

M'mutu 10 wa Uthenga Wabwino wa Yohane, Ambuye adaimika anthu awiri pamaso pa omvera ake, mbusa mwini nkhosa ndi munthu wolipidwa, ndipo chiyambire tsiku limenelo dzina la wolipidwayo lakhala ndi chipsera chosapola, pakuti ndiye amene adathawa mmbulu utatulukira, gulu nkubalalika. Komatu ambiri a ife amene timamva mawu amenewa m'kachisi tsiku Lamulungu, Lolemba m'mamawa timalawirira kukaweta nkhosa za eni, wina m'kalasi, wina m'chipatala, wina kutsidya kwa nyanja pakati pa anthu a chinenero china, ndipo mwezi ukatha timatambasula dzanja kulandira malipiro athu. Nchifukwa chake funso ili silili la abusa a mipingo okha: kodi munthu wotumikira anthu amene si a mtundu wake, kwa nyengo yowerengeka ndiponso pa mtengo wopangana, angathe kukhala wokhulupirika m'choonadi, kapena kukhulupirika kwake kumauma tsiku lomwelo limene thumba la womulemba ntchito lauma?

Palibe ntchito imene funsoli limaonekera poyera kuposa ya mphunzitsi wa mpira wamiyendo wochokera kunja, amene amaimirira mwaulemu nyimbo ya fuko la eni ikamaimbidwa, navala malaya a mbendera imene makolo ake sadaidziwe, nauza anyamata kuti afere dziko lawo, pamene iye mwini ali ndi pasipoti ya kwina m'thumba. Mwa anthu otere ndasankha kulingalira za Aljoša Asanović, mwana wa ku Croatia amene abale athu a ku Zambia adampatsa timu ya Chipolopolo m'chaka cha 2022, popeza moyo wake wonse udakhala wa paulendo, ndipo mwa iye muli zonse ziwiri zimene tikufuna kuziyesa pa sikelo, chikondi cha kwawo ndi utumiki wa kwa eni.

Adabadwa m'chaka cha 1965 mumzinda wa Split, pagombe la nyanja ya Adriatic, m'dera la Dalmatia, dziko lomwe lija Paulo adatchula m'kalata yake yachiwiri kwa Timoteo ponena za kumene Tito adapita. Ndi dziko la miyala, mphesa ndi azitona, lokongola m'maso koma louma m'nkhokwe, ndipo ana ake adazolowera kalekale kukwera zombo. Matenda atagwira minda ya mphesa zaka zoposa 100 zapitazo, midzi yathunthu idatsanulira anyamata ake ku Chile, ku America, ku Australia ndi ku New Zealand, kumene zidzukulu zawo zikali ndi maina a kwawo kufikira lero. Mnyamatayu adakulira m'timu ya Hajduk Split, imene anthu a mumzindawo amaikonda monga munthu akondera mbumba yake, nadziwika kukhala wosewera pakati wa mwendo wamanzere, wodekha, woona kutali. M'chaka cha 1990 adatuluka. Adayamba ndi Metz ku France, napita ku Cannes, kumene adasewera limodzi ndi mnyamata wina wotchedwa Zinedine Zidane, kenaka ku Montpellier. Adabwerera ku Hajduk, natulukanso kunka ku Valladolid ku Spain, ku Derby County ku England, ku Napoli ku Italy m'nyengo yowawa imene timuyo idatsika m'ligi yaikulu mu 1998, ku Panathinaikos ku Greece, ku Austria Wien, ku Sydney United ku Australia, ndipo potsiriza miyendo itatopa adakavulira nsapato zake ku Hajduk komwe adazivalira. Woipa mtima angawerenge mndandanda umenewu ndi kunena kuti munthuyu adalibe kwawo, kuti mtima wake udali pomwe pali ndalama.

Koma mlandu suweruzidwa mboni imodzi yokha italankhula. Pa 17 October 1990, dziko la Croatia lisanalengeze ufulu wake, pamene Yugoslavia idali ikung'aluka koma isanagwe, anyamata adavala malaya a timabokosi tofiira ndi toyera pabwalo la Maksimir ku Zagreb nasewera ndi timu ya United States, ndipo adapambana 2-1. Chigoli choyamba cha tsiku limenelo, chimene chimawerengedwa kukhala choyamba cha timu ya Croatia ya makono, adamwetsa ndi Asanović, amene nthawiyo adali kale wolipidwa wa ku France. Patangotha miyezi yowerengeka nkhondo idabuka, Vukovar idasanduka bwinja mu November 1991, Dubrovnik idaphulitsidwa ndi mizinga, ndipo magazi adakhetsedwa kufikira 1995. M'zaka zonsezo anyamata amene adali kudya za eni ku France, ku Italy ndi ku Spain ankabwera akaitanidwa, ndipo ndiwo adapatsa dziko la anthu osafika 5 miliyoni nkhope yoti mitundu ina iizindikire.

Aliyense amene adaonera masewero a Croatia ndi France a chikho cha dziko lonse pa 8 July 1998 pa Stade de France sangaiwale mphindi yoyamba ya chigawo chachiwiri. Anthu adali asanakhazikike bwino m'mipando yawo pamene Asanović, ali pakati pa bwalo, adadzutsa mutu, naona Davor Šuker akuzemba kuseri kwa otchinga kumbuyo a France, nautumiza mpira ndi mwendo wake wamanzere uja pamwamba pa mitu yawo, ndipo udakagwa pomwe Šuker ankaufuna; iye adauweta kamodzi, naukankhira muukonde Fabien Barthez akuponya thupi pachabe. Kutsidya kudali Zidane, mnzake wa ku Cannes, ndipo dziko limene ankalilasa ndi lomwe lidamdyetsa zaka zinayi. Chimwemwecho chidakhala cha mphindi imodzi yokha, pakuti Lilian Thuram, amene kutsalira kwake kumbuyo ndiko kudampatsa Šuker mpata, adabweza chigolicho pompo, naonjezanso china, zigoli ziwiri zokhazo zimene adamwetsera France m'masewero 142. Koma Croatia idagonjetsa Netherlands patapita masiku atatu nkutenga malo achitatu padziko lonse. Ndikunena izi kuti tione chinthu chimodzi: munthu amene adagulitsa luso lake m'maiko asanu ndi awiri sadagulitse mtima wake, ndipo kutumikira kwa eni sikudachepetse chimene adali nacho cha kwawo. Kwanu nkwanu, adatero akale, m'thengo mudalaka njoka.

Tsono apa ndiye pamene funso lathu likulimba m'malo mofewa. Ngati mtima wa munthuyu udali ku Split masiku onse, nanga chimene adapereka ku Derby, ku Athens, ndipo pambuyo pake ku Lusaka, chidali chiyani? Kodi adali makoko okha, maso a chimanga atatsala kwawo?

Ndikhulupirira kuti cholakwa chathu pomva fanizo la Ambuye nchakuti timaika tchimo la wolipidwa pa malipiro, pamene Ambuye adaliika pa kuthawa. Buku lomwelo limene limadzudzula wolipidwa wothawa lili ndi mbiri ya wolipidwa wina amene sadathawe, ndiye Yakobo m'nyumba ya Labani ku Harana. Zaka 20 adaweta zoweta zimene sizidali zake, pa mtengo wopangana, m'dziko lachilendo, mtima wake uli ku Kanani kumene adasiya atate ake okalamba; masana dzuwa lidampsereza, usiku chisanu chidamluma, tulo tidamthawa, ndipo nkhosa ikajiwa ndi chilombo iye ankalipa yekha osakatula mtembo wake pakhomo pa mwini. Labani adasintha malipiro ake kakhumi. Ndipo potsiriza Yakobo adachoka, inde adachoka mozemba, mpongozi wake ali kometa nkhosa. Komabe palibe mlaliki amene adayesapo kumutcha wolipidwa wa m'fanizo lija, popeza masiku onse amene nkhosa zidali m'manja mwake, mmbulu udampeza ali chiimire. Sadakonde Harana kuposa Kanani, ndipo palibe adamfunsa kutero. Adakonda nkhosa imene idali patsogolo pake tsiku limenelo.

Mbiri ya Davide ili ndi phunziro loopsa koposa. Tsiku limene mfumu idatuluka m'Yerusalemu ikulira, wopanda nsapato, amene adaipirikitsa adali Abisalomu, mwana wa m'chuuno mwake. Ndipo amene adakana kuisiya adali Itai wa ku Gati, Mfilisti, mlendo wongofika kumene ndi anthu ake 600, amene Davide mwini adamuuza kuti abwerere popeza nkhondoyo sinali yake. Chotero magazi si chikole cha kukhulupirika, monganso ulendo si chizindikiro cha chinyengo. Tikadakhala oona mtima tikadavomera kuti m'mabwalo athu a mpira, monga m'maofesi ndi m'mipingo, amene adadya ndalama za osewera ndi kugulitsa masewero kawirikawiri adali eni nthaka, oimba nyimbo ya fuko mokweza kuposa onse.

A ku Zambia akudziwa bwino za mlendo wobwera ndi kalumo kakuthwa. M'masiku a ubwenzi wa Kenneth Kaunda ndi Josip Broz Tito, Lusaka italandira msonkhano wa maiko osalowa mbali mu 1970, kudafika mphunzitsi wa ku Yugoslavia, Ante Bušelić, amene adafikitsa timu ya dzikolo mu ndime yotsiriza ya chikho cha Africa ku Cairo mu 1974, kumene idafanana mphamvu ndi Zaire 2-2 nkudzagonja 2-0 pa masewero obwereza. Ndipo pali chithunzi china chimene ndimachisunga monga yankho la funso lonseli. Usiku wa pa 12 February 2012 ku Libreville, pafupi ndi nyanja imene idameza osewera a Zambia pa ngozi ya ndege ya 1993, Chipolopolo itagonjetsa Ivory Coast pa mapenate, osewera onse adathamangira ku ngodya ya bwalo kukavina. Koma Joseph Musonda, amene adavulala masewero atangoyamba nkutuluka akulira, sakadatha kuthamanga. Hervé Renard, Mfalansa wa malaya oyera, adamnyamula m'manja ngati mwana, nayenda naye kudutsa bwalo, nakamtula pakati pa anzake, iye nkubwerera m'mbuyo kuti eni chikondwerero akondwere. Munthu ameneyu adali wolipidwa m'njira iliyonse imene mawuwo angatanthauze: adawasiyapo kale a Zambia mu 2010 kunka ku Angola, adadzawasiyanso mu 2013, ndipo mu 2015 adatenga chikho chomwecho ndi Ivory Coast imene adailiza ku Libreville. Koma ndani angaime pamaso pa Mulungu ndi kunena kuti manja amene adanyamula Musonda adali achinyengo?

Asanović adafika ku ntchito ya uphunzitsi kudzera pa khomo la wothandizira. Kuyambira 2006 kufikira 2012 adakhala kudzanja lamanja la Slaven Bilić, mnzake wa ku Split, pa timu ya dziko la Croatia, ndipo adali pambali pake usiku uja wa mvula mu November 2007 pamene adagonjetsa England 3-2 pa Wembley. Adamtsatanso ku Lokomotiv Moscow, kenaka adakaphunzitsa Melbourne Knights, timu imene adaiyambitsa anthu a kwawo osamukira ku Australia. Ku Zambia adabwera mu 2021 monga mlangizi, Beston Chambeshi akugwirizira mpando, ndipo mu January 2022 adampatsa udindo wonse. Mu June timu idagonja 3-1 kwa Ivory Coast ku Yamoussoukro, nigonjetsa Comoros 2-1 ku Lusaka. Mu July idatenga chikho cha COSAFA ku Durban itagonjetsa Namibia 1-0 m'mphindi zoonjezera. Chaka chisanathe iye ndi eni timu adalekana, pakati pa mkangano wokhudza malipiro, ndipo mu December mpando udapita kwa Avram Grant.

Sindifuna kukometsa chimene sichikoma. Miyezi yochepa yotere siimanga kanthu kokhalitsa, ndipo pali choonadi m'madandaulo a iwo amene amati mlendo ndi mame, dzuwa likatuluka sumuonanso. Mphunzitsi wongodutsa amakonda zipatso za msanga; sataya nthawi pa mwana wa zaka 14 wa ku Chipata kapena ku Kitwe amene adzapse iye atapita kale, ndipo chuma chimene chimathera pa iye chikadaphunzitsa aphunzitsi ambiri a m'dziko momwemo. Ichi nchilema cha dongosolo lonse, ndipo chimandipweteka mtima kuona maiko athu akusintha aphunzitsi chaka ndi chaka, ngati kuti nzeru imakwera ndege. Koma chilema cha dongosolo si tchimo la munthu amene waitanidwa nabwera. Iye ali ngati mkamwini pamudzi wa eni, amene amampatsa khasu ndi munda koma osampatsa nthaka, amene chimanga chikabereka amati mvula idagwa bwino, chikakanika amati mkamwini ngwaulesi. Ndipo sitingamuuze kuti asakule mwendo, kenaka nkumudzudzula kuti sadazike mizu.

Pali mbali ina ya pangano imene okonda kulalikira za wolipidwa amaiiwala, ndipo chilamulo cha Mose sichidaiiwale. M'buku la Deuteronomo, mutu 24, wolemba munthu ntchito adalamulidwa kumlipira tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, kaya ndi mbale wake kaya ndi mlendo wokhala m'midzi yake, popeza mtima wa wantchito uli pa malipirowo. Ndipo Yakobo mtumwi adachenjeza eni minda kuti mphotho yobisidwa ya okolola ili ndi mawu ofika m'makutu a Mulungu. Sindikhala pa mpando woweruza pakati pa Asanović ndi amene adamlemba ntchito. Chimene ndikunena nchokhudza ife tonse: munthu amene afuna kuti mlendo akhale ndi mtima wa mbusa, iye mwini akhale ndi dzanja la mwini nkhosa wolungama. Nkosayenera kufuna kwa wantchito chikondi chopanda malire pamene ife tikumpatsa chilungamo choperewera. Ndipo wantchito akachoka chifukwa pangano laswedwa, sadathawe mmbulu, wangochita chimene Yakobo adachita kwa Labani. Mawu akuti munthu agwire ntchito chifukwa chokonda dziko amakoma, koma kawirikawiri amatuluka m'kamwa mwa iwo amene malipiro awo sadachedwepo, ndipo amawauza osewera athu omwe, ana a dziko, pamene ndalama zawo za masewero zasowa.

Ife a mtundu uno tiyenera kukhala omalizira kuponya mwala pa munthu wa paulendo. Agogo athu adakwera sitima ndi ndege za Wenela kunka ku migodi ya golide ya ku Joni, ena adayenda pansi kufikira ku Halale ndi ku Wankie, ena ku migodi ya mkuwa. Adakumba chuma cha eni pa kontrakiti, mitima yawo ili ku Dedza, ku Ntcheu, ku Katete ndi ku Angónia, ndipo mwala ukagumuka pansi pa nthaka adafukula anzawo ndi manja osafunsa kuti wokwiririkayo ndi Mshangani kapena Msotho. Amene adabwerera ndi njinga ndi mabulangete tidawalandira ndi nthungululu, amene adatsalira komweko tidawatcha matchona. Koma palibe mwa iwo amene adasowa ulemu chifukwa choti thukuta lake lidagwera pa nthaka ya eni. Lero zidzukulu zawo zikusamala okalamba ku Britain ndi kumanga nyumba ku Cape Town, ndipo namwino amene akutembenuza nkhalamba yachizungu pakati pa usiku, mwachifatso, popanda womuona, akuyankha funso lathu bwino kuposa mmene ine ndingaliyankhire ndi cholembera.

Chimene munthu wa paulendo amalipa, ndipo amachilipa yekha, nchakuti sadya zipatso za mtengo umene wabzala. Ku Derby akadalipo okalamba amene amakumbukira mwendo wamanzere uja pa Baseball Ground m'chaka chake chotsiriza bwalolo lisanasiyidwe, koma chikumbutso chotere nchopyapyala poyerekeza ndi cha munthu amene adakalambira pa timu imodzi. Ku Zambia dzina lake lidzatchulidwa mwa apo ndi apo, pakati pa maina ambiri a aphunzitsi amene adabwera napita. Pa 17 June 2023, pabwalo la Levy Mwanawasa ku Ndola, Chipolopolo idagonjetsa Ivory Coast 3-0 nipeza malo ku mpikisano wa chikho cha Africa kwa nthawi yoyamba chichokere 2015, ndipo anthu adavina m'misewu akutamanda Avram Grant ndi anyamata ake, monga kudali koyenera. M'mapointi amene adawafikitsa kumeneko mudali atatu aja a masewero a Comoros, amene adapezeka chaka chimodzi m'mbuyo mwake Asanović ali pa mpando, ndipo adawerengedwa mokwanira pamodzi ndi ena onse.